Nambala 11

Anandilemba ganyu Lachiwiri m'mawa,
Asiyatu, mwana wa a Sumaili a konkuno ku Chia,
uja anapita kusukulu ali wamanyazi
n'kubwerako ndi jombo zofika m'mawondo
ndi bokosi la ayezi lopanda nsomba.
Yanga ntchito inali kupalasa,
n'kuima pomwe waloza.

Ukonde sitinaponye.
Tinalowa m'mabango, kuseri kwa gumbwa,
komwe madzi a m'minda ya mpunga amatsikira
monyang'ama, ngati mkamwini wobwera usiku.
Iye n'kuzika chitoliro m'thope,
n'kuzula, n'kutapa supuni imodzi yokha,
n'kulemba nambala pakabotolo.
Malo khumi ndi awiri, dzuwa lili paliwombo.

Ndinaseka. Ndinati, mwana iwe,
matope awa ndawaponda zaka makumi anayi,
akanakhala ndi mawu bwenzi atandiuza kale.
Anati, amayankhula, malume,
kungoti pakamwa pawo ndi pang'ono.
M'supuni iyi muli chinamtindi
choposa anthu a m'boma lonse la Nkhotakota,
tizamoyo tosaoneka, mabakiteriya,
ena owoletsa masamba, ena ophikira mizu chakudya.
Paja mumati madzi saiwala khwawa?
Amakumbuka njira yokha.
Katundu amene asenza amamutula m'thope,
ndipo thope ndi limene limadziwa wolemera wake.

Patatha sabata ndinapita kukatenga yotsala.
Ndinam'peza m'kachipinda konunkha sipiriti,
timbale tagalasi atatindandalika pathebulo.
Anati, bwerani muone mboni zanu.

Nambala 3 inali chitenje chatsopano,
madontho achikasu, oyera, ofiirira,
mitundu yothithikana ngati tsiku la msika.
Apa, anatero, m'mudzi muli mtendere.

Nambala 7, anakwinya mphuno.
Awa kwawo ndi m'matumbo mwa munthu.
Ndinakumbuka zimbudzi zimene zinagwa mu Febuluwale
ndi ana a Nachuma atagona pamphasa imodzi.

Nambala 9, onenepa ndi oilo,
padooko pomwe anyamata amatsukira injini.
Ndinagwedeza mutu mwamphamvu.
Za anzako n'zosavuta kuvomera.

Kenako anakankha Nambala 11.
Mbale ili mbee,
bwalo losesedwa maliro atatha,
mtundu umodzi wokha utayala mphasa pakona,
wouma mutu, wosamva mankhwala.
Anzake onse apita kuti?
Anati, sindinganene ndisanapimenso kawiri,
koma pali chimene chimafika pano kawirikawiri,
chimene ambiri sangachipirire.

Nambala 11 ndimaidziwa.
Ndi pamkuyu wopendekeka,
pamene pali mwala wathyathyathya wopondapo.
Disembala aliyense, ndikatha kupopera udzu,
ndimatsukuluza sipuleya pamenepo,
kawiri, katatu, mpaka thovu litatha,
n'kusamba m'manja, n'kunena kuti zapita ndi madzi.

Iye sanafunse.
Ine sindinanene.
Anawerenga ndalama zanga mosamala,
n'kuonjezapo ya sopo.

Ndinabwerera wapansi, kusiya kabaza.
M'mutu mukuzungulira achule
amene sindikudziwa kuti analeka liti kulira pamkuyupo,
ndi nyongolotsi za nyambo
zimene masiku ano ndimakakumba kutali,
n'kumanamizira dzuwa.

Kunyumba sipuleya ili pamsomali,
lamba wake ali lende.
Mayi a ana afunsa, zayenda?
Ndati, zayenda.
Ndatenga khasu, ndakwera kumtunda kwa chulu,
kutali ndi ngalande, kutali ndi chitsime,
ndakumba dzenje lofika m'chiuno.
Kaya n'zokwanira, ndikam'funsa Asiyatu.

Akuti abweranso mvula ikatha
ndi timabotolo tina khumi ndi tiwiri.
Ndam'uza kuti bwato lilipo.
Koma dzulo potsika pamkuyu paja
phazi linakana kaye, lili m'malere,
ngati la munthu wolowa m'nyumba ya odwala
amene sanagogode.